Za Pakhomo: Mbuzi Ipite Yamoyo

Mvula yoyamba ikangogwa kuno kuseri kwa phiri, nkhani za pakhomo zimasintha. Mitambo imakuta Michesi kuyambira m'mawa, ngumbi zimatuluka madzulo, ndipo pamsika wa Migowi ndi wa Chiringa mitengo ya nkhuku imayamba kukwera ngati nazonso zamva kuti Khirisimasi yayandikira. Ana a kutauni amayamba kuimba foni: tikubwera pa 23, tikutengereni chiyani? Ife a Adventist timadziwa kuti Baibulo silinatchule tsiku limene Yesu anabadwa, ndipo silinatilamule kusunga 25 Disembala. Komabe abale amabwera, mpunga umaphikidwa, ndipo mphatso zimayenda ndithu, zina kuchoka m'manja mwathu, zina kulowa m'manja mwathu.

Mwezi uno tikambe za mphatso imene imavuta kusankha kuposa zonse: ija yopita kukhomo kumene mwamuna amapemphera kwina, mkazi kwina.

Makomo otere ndi ambiri kuposa mmene timavomerezera pa Sabata m'mawa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 17 ndi Akatolika ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Anthu amenewa ndi omwe ana athu amaphunzira nawo, amagulitsa nawo nandolo, ndipo ena amakwatirana nawo. Kuno kwathu nkhaniyi imafika pafupi kwambiri chifukwa cha chikamwini. Mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, choncho mkamwini wa chipembedzo china sakhala kutali kuti tizingomva za iye. Nyumba yake imayang'anizana ndi ya apongozi ake, utsi wa kukhitchini kwake umalowa pawindo lathu.

Tisabise mawu. Mpingo wathu sulimbikitsa maukwati otere, ndipo abusa athu sawamangitsa. Uphungu umenewo ndi wa achinyamata amene akadali kusankha, ndipo sitikuubweza. Koma ukwati ukachitika, ana n'kubadwa, nkhani imakhala ina. Pa 1 Akorinto 7:12-14 Paulo akulangiza wokhulupirira kuti asasiye mnzake wa m'banja amene akulola kukhala naye. Ngati Paulo sanafune kuti banjalo lipasuke, sitiyenera kukhala ife abale olipasula pang'onopang'ono ndi timaphukusi tokulungidwa bwino.

Tinaphunzira izi ndi manyazi. Mwana wa mlongo wathu anakwatiwa ndi mnyamata wa Chisilamu, munthu waulemu, wolimbikira kumunda, amene sanamuletsepo mkazi wake kupita ku Sukulu ya Sabata. Mu 2021 Khirisimasi inagwa pa Sabata, choncho tinakonzeratu zonse Lachisanu monga mwa chizolowezi. M'mawa mnyamata wa pakhomo pathu anazinga mbuzi, tinaigawa, ndipo miyendo iwiri yonona tinaikulunga n'kupita nayo kwa mwana wa mlongo wathuyo dzuwa lisanapendeke. Mkamwini tinamupeza kulibe, anali kumzikiti. Tinabwerera mitima ili mbee, tikudziona ngati amalume odziwa udindo wawo.

Tsiku lotsatira, titaweruka kutchalitchi, tinakadya nawo. Mkamwini anatilandira bwino, anagwada, anathokoza chifukwa cha nyamayo kawiri konse. Koma mbale zitafika, iye anakokera kwa iye mbale ya chigwada, nyama osaikhudza. Sananene kanthu. Chimene sitidzaiwala ndi ana awo awiri. Anakhala ndi mbamu m'manja, kuyang'ana bambo awo, kuyang'ana mayi awo, kuyang'ana ife, osadziwa kuti apise mbale iti. Wamkuluyo anasankha chigwada. Wamng'onoyo anatenga nyama, n'kuyamba kudya mobisa nkhope.

Madzulo mayi awo anatiperekeza mpaka pamphambano. "Amalume," anatero, "musakhumudwe. Bambo a kunyumba sadya nyama imene sanazinge Msilamu. Mukanangondifunsa."

Safunsa anadya phula. Chodabwitsa n'chakuti mwambowu tinkaudziwa kale. Pamaliro ndi paukwati m'midzi yathu, ndi kangati taona anthu akuitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi kuti aliyense adye momasuka? Pagulu tinkakumbukira, koma pa mwana wathu yemwe tinaiwala, mwina chifukwa mumtima tinali tisanavomereze kuti khomo lija lili ndi eni ake awiri. Tamva kuti pali Asilamu ena amene amadya nyama yozinga Mkhristu, ndipo n'chifukwa chake kufunsa kumaposa kungoganizira. Kuchokera chaka chimenecho mbuzi yathu imapita yamoyo, pachingwe.

Patapita miyezi ingapo mayi a mkamwiniyo, amene amakhala cha kunyanja ya Chilwa, anatitumizira mtanga wa milamba yowamba, ikuluikulu, yonona. Kwa iwo inali mphatso ya ulemu waukulu. Kwa ife inali nsomba yopanda mamba, imene Levitiko 11 amailetsa. Tinaima pakhonde ndi mtangawo, ndipo pamenepo m'pamene tinamva kukhosi chimene mkamwini anamva pa mbale ija: kufuna kuthokoza ndi mtima wonse, koma osatha kudya. Tinathokoza. Patapita masiku tinawafotokozera mwaulemu kudzera mwa mwana wawo. Iwo anaseka, n'kunena kuti sankadziwa kuti a Sabata nawonso ali ndi zosala zawo. Tsopano amatitumizira matemba ndi makumba.

Vuto la Disembala si lathu tokha, ndipo amene akhala nalo nthawi yaitali ndi anthu amene timasunga nawo tsiku limodzi la kupumula, Ayuda. Kuno ku Phalombe ambiri sitinaonanepo ndi Myuda, ngakhale kuti kuyambira mu Novembala 2023 achinyamata a ku Malawi akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Epulo 2024 dziko lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Koma ku America mabanja a Myuda ndi Mkhristu ndi ochuluka zedi. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa mu 2020 anapeza kuti mwa Ayuda 100 aliwonse a pabanja m'dzikolo, 42 anakwatirana ndi munthu amene si Myuda, ndipo mwa amene analowa m'banja kuyambira 2010 chiwerengerocho chinafika pa 61. Ambiri mwa amuna ndi akazi awowo anakulira m'mabanja achikhristu. Chaka chilichonse Disembala akafika, makomo amenewa amakhala ndi zikondwerero ziwiri zogundana mitu.

Cha Ayuda chimatchedwa Hanukkah. Chimakumbukira zimene zinachitika pafupifupi zaka 164 Yesu asanabadwe, pamene Judas Maccabeus ndi anthu ake analanda Kachisi wa ku Yerusalemu m'manja mwa mfumu Antiochus Epiphanes, amene anamudetsa ndi nsembe zachikunja, n'kumupatulanso kwa Mulungu. Nkhaniyi ili m'mabuku a Amakabeo, amene mulibe m'Baibulo lathu koma alimo m'Baibulo la Akatolika, kotero mkamwini wanu wa Chikatolika angathe kukuwerengerani. Yesu mwini anali m'Kachisi pa chikondwererochi, monga tikuona pa Yohane 10:22-23. Chimatenga masiku asanu ndi atatu. Usiku uliwonse banja limayatsa kandulo imodzi yowonjezera pa choikapo nyali cha nthambi zisanu ndi zinayi, pokumbukira nkhani ya makolo awo yakuti mafuta a tsiku limodzi anayaka masiku asanu ndi atatu. Amadya zokazinga m'mafuta, ana amapatsidwa tindalama kapena chokoleti chooneka ngati ndalama, n'kumasewera kanguli ka mbali zinayi. Tsiku lake limayendera kalendala ya Chiyuda, choncho limasuntha. Mu 2024 kandulo yoyamba inayatsidwa madzulo a pa 25 Disembala penipeni.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti Hanukkah si chikondwerero chachikulu kwa Ayuda. Zazikulu ndi Paskha, Chaka Chatsopano chawo ndi Tsiku la Chitetezero. Hanukkah inakula, makamaka ku America, chifukwa choyandikana ndi Khirisimasi: makolo achiyuda sankafuna kuti ana awo azingoyang'ana anzawo akumasula maphukusi. Choncho munthu akamaitcha Khirisimasi ya Ayuda, amawapweteka pamalo pomwe pali bala, chifukwa chikondwererocho chimakumbukira anthu amene anakana kumezedwa ndi chipembedzo cha ena. Ife amene timatopa ndi kufotokoza kuti Sabata si Lamlungu losunthidwa, tiyenera kumvetsa zimenezi msanga.

M'mabanja amenewo mkangano wa Disembala kawirikawiri suyambira kwa mwamuna ndi mkazi. Iwo amakhala atagwirizana kale za mmene alerere ana. Umayambira kwa agogo. Agogo achikhristu atumizira mdzukulu kamtanda ka m'khosi, osadziwa, kapena akudziwa, kuti kwa Ayuda ambiri mtanda umakumbutsa zaka mazana ambiri za kuzunzidwa ndi anthu odzitcha Akhristu ku Ulaya. Agogo achiyuda nawo abwezera ndi mphatso yawo, ndipo mwana amasanduka chingwe chokokanirana. Malangizo amene aphungu a mabanja otere amabwereza ndi osavuta: mphatso ya chipembedzo yopita kwa mwana idutse kaye kwa makolo onse awiri, ndipo wopereka alemekeze chikondwerero chimene chikuchitika pakhomopo, osati chimene iye akanakonda kuti chizichitika.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife kwambiri, chifukwa ndife anthu a mabuku. Mayi Ellen White analemba za Khirisimasi m'nyuzipepala ya Review and Herald mu Disembala 1884, ndipo malangizo awo anasonkhanitsidwa m'buku la The Adventist Home la mu 1952. Sanatiuze kuti tizinamizira kuti tsikuli kulibe. Analola kupatsana timphatso tachikondi, analimbikitsa mabuku abwino monga mphatso kwa ana, ndipo anatsindika kuti gawo loyamba lipite kwa Mulungu ndi kwa osauka, osati ku zinthu zosafunika. Kwa ana athu a m'nyumba, buku la nkhani za m'Baibulo ndi mphatso yabwino kwambiri, ndipo tikulimbikitsa kholo lililonse kuti ligule.

Koma taganizirani buku lomwelo likulowa m'nyumba ya mkamwini wa Chisilamu mozemba, m'thumba la mwana, ndi kanong'onong'o kakuti usawaonetse bambo ako. Kapena taganizirani mlamu wa Chikatolika akumasula pepala pamaso pa abale onse, tsiku limene wachokera ku Misa ya usiku, n'kupeza buku lofotokoza zolakwa za mpingo wake. Tikudziwa makomo amene izi zinachitika, ndipo sitikudziwa ngakhale limodzi limene munthu anabatizidwa chifukwa cha zimenezo. Chimene chinachitika n'chakuti mlongo wathu wa mumpingo anayamba kuvutika kupeza chilolezo chopita ku msonkhano wa misasa, chifukwa mwamuna anayamba kuona abale a mkazi wake ngati alenje. Mphatso yokhala ndi mbedza mkati, munthu amaimva ikadali m'pepala.

Sitikunena kuti tibise chikhulupiriro chathu. Mabuku athu tiziwagawa, ndipo pali masiku 364 ena ochitira zimenezo poyera, munthu ndi munthu, wina atafunsa kapena atalola. Petro, polankhula kwa akazi okwatiwa ndi amuna osakhulupirira pa 1 Petro 3:1-2, anaika chiyembekezo chake pa khalidwe, osati pa mawu ambiri. Ngati mukufunitsitsa kupatsa mdzukulu buku, pitani kwa bambo ake masana, bukulo lili m'manja, munene kuti, "Bambo, ndimafuna ndimupatse mwanayu ili, tayambani mwaliona." Mudzadabwa. Asilamu amadziwa Nowa, Abrahamu, Yosefe, Mose ndi Yona, ndipo ambiri sangakane nkhani zawo. Akakana, bwererani nalo. Mwatayapo buku limodzi, koma chitseko mwachisiya chotsegula. Pa mwambo wathu amalume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo, n'zoona, koma mphamvu imeneyo ikagwiritsidwa ntchito kuseri kwa bambo wobereka, amene amalipira mtengo wake ndi mayi wa anawo, usiku alendo atapita.

Pali chinthu china chimene tinachedwa kuchiona. Zaka zonse mphatso zathu zinkapita pa tsiku limene ife tasankha. Tsiku la mkamwini linkadutsa ife tili kumunda, osati n'kumufunira mafuno abwino komwe. Idi yotsiriza mwezi wa Ramadani ndi tsiku la tchuthi m'dziko muno, ndipo imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2025 inafika kumapeto kwa Malichi. Ana a pakhomo la Chisilamu amayembekezera chovala chatsopano pa tsikuli monga anzawo amayembekezera pa Khirisimasi. Kutumiza mpunga ndi nkhuku yamoyo pa Idi, kapena mbatata ndi nsinjiro za futali mkati mwa mwezi wosala, si kupembedza nawo. Sitilowa mumzikiti, monganso iwo salowa m'tchalitchi mwathu akamatipatsa moni wa Sabata labwino. Ndi kungonena kuti takuonani, ndinu athu. Ayuda ali ndi mwambo wotumizirana zakudya pa chikondwerero cha Purimu, ndipo muzu wake uli m'Baibulo lathu lomwe, pa Estere 9:22, pamene anthu analamulidwa kutumizirana chakudya ndi kupatsa osauka mphatso.

Aliyense ali ndi malire a chikumbumtima chake, ndipo nafenso tili ndi athu. Apongozi okonda kachasu akatiuza kuti mphatso yawo ikhale botolo, timakana, ndipo ndi bwino kukana poyera kusiyana ndi kulonjeza n'kuzemba. Chimene timakhulupirira kuti chimawononga thupi sitigulira munthu, kaya ndi mowa, kaya ndi fodya. Ndipo tikalandira zimene sitigwiritsa ntchito, monga paketi ya masamba a tiyi yochokera kwa m'bale wogwira ntchito kumaesiteti kuseri kwa phirili, tilandire ndi manja awiri. Iye watipatsa thukuta lake. Phunziro la zaumoyo lidikire tsiku lina, tili awiri.

Nanga tigule chiyani? Tikumbukire mwezi umene tili. Disembala kuno si mwezi wa zokolola. Nkhokwe zambiri zayamba kulira, chimanga chili m'mawondo, udzudzu wachuluka, ndipo sukulu zitsegulira mu Januwale. Zinthu zimene khomo limasowa mwezi uno zilibe chipembedzo. Neti ya udzudzu yatsopano ya ana. Ndowa ya chivindikiro ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, pakuti sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mbewu ya nandolo kapena ya mbatata ya kholowa yofiira mkati. Makope, sopo, nsapato za kusukulu, ambulera. Mbande ya mango kapena ya mapeyala yoti mdzukulu adzale yekha n'kumaitcha yake. Kwa mabanja a ku Nkhulambe ndi madera ena amene namondwe Freddy anawakokolola mu Malichi 2023, lata limodzi kapena bulangete likadali mphatso yoposa keke iliyonse.

Kreti ya zakumwa zotsekemera imaoneka yaulemu pamutu pa mnyamata wolowa nayo m'mudzi, koma imatha tsiku limodzi, ndipo agogo ambiri amene timawapatsa ali kale ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mtanga wa mango, chinanazi cha ku Mulanje, nthochi ndi mtedza umadyedwa ndi Msilamu, Mkatolika, Myuda ndi wa Adventist popanda wofunsa kuti wazinga ndani. Ndipo amene alibe ndalama asadzione wochepa. Tsiku limodzi lokapalira m'munda mwa mkamwini amene wagona ndi malungo limakumbukiridwa zaka zambiri. Azimayi a Dorika akhala akuchita zotere kuyambira kalekale, ndipo sitinamvepo kuti amayamba afunsa khadi la ubatizo.

Tingowonjezera chenjezo limodzi kwa amene ali ndi adzukulu m'makomo awiri, lina la mumpingo, lina losakanikirana. Ana amayeza mphatso ndi maso kuposa sikelo ya pamsika. Mdzukulu wovala yunifolomu ya Pathfinder akalandira nsapato, msuweni wake wopita kumadrasa n'kulandira maswiti, mwanayo samva kuti agogo alibe ndalama. Amamva kuti chikondi cha agogo chili ndi chipembedzo chake, ndipo iye ali kunja. Ngati ndalama zikukwana makope okha, onse alandire makope.

Mu 2027 Khirisimasi idzagwanso pa Sabata, ndipo tidzakonzeratu Lachisanu monga kale, koma tikudziwa tsopano kuti masana a Lachisanu mkamwini amakhala kumzikiti, choncho zokambirana zonse zidzachitika Lachinayi. Za chaka chino takambirana kale. Tinamuitana mwana wa mlongo wathu ndi mwamuna wake, tinakhala pamkeka, n'kuwafunsa chimene ana akusowa. Mkamwini anayamba wakana mwaulemu, kenako anati wamkuluyo akulemba mayeso a Sitandade 8 ndipo amawerengera pa tochi ya foni. Nyale ya sola tagula, ndi ina yofanana nayo ya msuweni wake. Mbuzi ili m'khola, yathonje, ya banga pamphumi. Wamng'ono uja, amene anadya nyama mobisa nkhope, ndi amene wapempha kuti adzaikoke yekha pachingwe, ndipo bambo ake anola kale mpeni.